Tsiku Limene Vaneti ya Gibisoni Inamwa Saladi

Ndinayenda ine, anzanga, ndinayenda! Kuchoka kwathu ku Vubwi mpaka ku Sinda ndinayenda, thupi lili m'motoka koma mtima ukuthamanga wapansi.

Uthenga unabwera pa foni ya mwana wanga Gibisoni. Akuti Esinati, mdzukulu wanga wokwatiwa ku Sinda, wachira, mwana wamkazi. Akuti mchombo wagwa, Loweruka m'mawa mwana atuluka m'chikuta, ambuya abwere adzamunyamule okha ndi kumutcha dzina. Ndinavina pabwalo mpaka nkhuku kubalalika. Esinati ameneyu ndinalera ndine. Mayi wake, Agnesi, mwana wanga woyamba, anatisiya iye akukwawa, ndipo chipitireni Agnesi, dzina limenelo silinamvekenso pakhomo panga, ngakhale pakamwa panga. Ndinati lino ndikalidzutsa, ndikaliveka kamwanako, liyendenso.

Koma ku Sinda kuli Amake Yosefe, apongozi ake a Esinati, amene anabala mwamuna wake Yosefe, amene timaitanirana nawo kuti asebele, mayi Wachinsenga wamtali, mawu ngati belu la tchalitchi. Pa ukwati ndinawaona ine, zonse amalamula ndi chala chimodzi. Ndinadziwa kuti ndikachedwa pang'ono pokha, anyamula mwana, atsegula Baibulo, pamene chala chagwera ndi pomwepo, dzina langa latsala m'dengu.

Ndiye tinanyamuka Lachisanu m'mawa kuti tikagone konko.

Vaneti ya Gibisoni ndi yoyera, yopanda denga kumbuyo, imanyamula chimanga ndi nsawa za anthu. Kale inali motoka yaulemu, yolankhula motsitsa. Koma masiku amenewo Gibisoni anali atapita ku Chipata n'kubwerako ndi chinthu. Anatsegula boneti, anachotsamo chibokosi chakuda, anaikamo chipaipi chonyezimira, kunsonga kwake chinthu chofiira chamakwinya, chosongoka ngati kadengu kovundikira.

"Ichi n'chiyani, Gibi?"

"Ndi sefa, amayi. Eni ake amati fyuluta."

"Sefa? M'motoka mwayamba kusinja ufa?"

"Iyayi, imasefa mpweya. Injini imapuma ngati munthu. Chibokosi chija chimaikanyanga pakhosi. Iyi izikoka mpweya wambiri, mphamvu ziwonjezeka, chitunda ndizikwera ngati ndikutsika."

Ine mpweya ndaupuma wosasefa chibadwire, ndipo ndilipo. Koma ndinangoti chabwino mwanangu, bola ikandifikitse. Chimene ndinaona ine n'chakuti motoka inasiya ulemu. Akaiponda, fooo! fooo! ngati ng'ombe yaona mpeni. Gibisoni amati ndiyo mphamvu imeneyo.

Ine ndinakhala kutsogolo, dengu pamiyendo. M'dengumo ufa woyera, sopo, botolo la saladi, mafuta ophikira aja, ndi chitenje chatsopano chonyamulira mwana. Kumbuyo kunakwera awiri. Amake Feli, a kufupi ndi malire a Mozambiki, amapita kukagulitsa nyemba ku Katete, ndipo analipira ndi nyemba zomwezo. Winayo aTembo, mdala wa mudzi woyandikana nafe, amakapimitsa maso. Iwowo anati adzalipira akadzayamba kuona bwino.

Inali nthawi yotentha, mvula isanaganize n'komwe. Msewu wa kwathu mumaudziwa, fumbi lake lofiira, losalala ngati ufa wa mgaiwa wosefedwa kawiri. Kutsogolo kwathu kunali chilori cha thonje. Gibisoni anati, "Amayi, muone tsopano ntchito ya sefa." Anaiponda, fooo! Tinalowa m'fumbi la chiloricho. Chilori sichipatuka, Gibisoni sabwerera m'mbuyo. Tinayenda mtunda wonsewo tikudya fumbi, kumbuyo aTembo akutsokomola, Amake Feli atafunda chitenje kumutu ngati namfedwa. Ine ndinangoyamba kuimba:

Puma motoka, puma iwe,
kamwana kandidikira ku Sinda,
puma motoka, usandichititse manyazi.

Pa Chadiza tinaima kumwa madzi. Anyamata a pamsika anazungulira, Gibisoni anawatsegulira boneti kuti aone. Koma chofiira chija sichinali chofiira chake chija, chinali chofiira cha dothi. Iye anati palibe kanthu, ndi mmene imagwirira ntchito.

Titangochoka pa Chadiza, pa msewu wopita ku Katete, fooo uja anayamba kuchepa. Anasanduka fii, fii. Kumbuyo utsi wakuda bii. Pa kachitunda kakang'ono, koti ine ndi miyendo yangayi ndingakwere ndikuimba, motoka inayamba kukwawa, mpaka mayi wina wosenza nkhuni anatipitirira n'kutipatsa moni.

"Gibi, mphamvu zija zapita kuti?"

Anakhotera pansi pa mtengo wa mango, pa mudzi wina wokhala ndi mjigo m'mbali mwa msewu. Anamasula sefa ija, anaigogoda pa tayala, fumbi phwii, anaigogodanso, fumbi phwii, losatha.

"Yatsekeka," anatero. "Koma ubwino wake wa iyi, sigulidwa kawiri. Umangoichapa, iume, n'kuidzoza mafuta, basi yatsopano." Anafufuza pansi pa mpando, anafufuza m'kabati ya kutsogolo, anadzigwira m'matumba. "Kabotolo ka mafuta kaja ndakasiya kuti? Amayi, khalani pompano. Ndibwerere pa Chadiza, mwina m'mashopu alipo."

Anaimitsa njinga yamoto, anakwera, fumbi linamumeza.

Tinakhala. Tinakhala, anzanga, tinakhala. Mthunzi wa mango unachoka pa ife n'kupita pa motoka, ife n'kuutsatira. Mbuzi zinabwera kudzanunkhiza matumba a nyemba. ATembo anagona, anadzuka, anafunsa ngati tafika ku Katete. Ine m'mutu mwanga ndikungoona chala cha Amake Yosefe chikuyenda pa Baibulo, chikuyenda, chikufuna poima.

Ndinayang'ana sefa ija ili pa tayala. Ndinayang'ana mjigo. Ndinayang'ana dengu langa.

"Amake Feli, mwana uja wati chiyani? Si wati kuchapa?"

"Watero."

"Nanga ife tikukhaliranji, akazi awiri athunthu, manja ali gwa? Sefa tayamba kutsuka iye asanabadwe."

Tinapita nayo pa mjigo. Amake Feli akupopa, ine ndikupaka sopo, madzi ofiira akuyenderera. Azimayi a pamudzipo anabwera kudzaona. Wina anafunsa ngati ndi chisoti cha kwaya, wina anati ndi msampha wa mbewa wa Azungu. Ndinawauza kuti ndi mphuno ya motoka. Anaseka, koma nsanza yokhulira anatibwereka. Inayera, inawala, kufiira kwake kunabwerera. Tinaiyanika pa chitsamba, dzuwa lija silinachedwe nayo.

Tsopano mafuta. Apa ndi pamene panabuka mlandu.

ATembo anatulutsa kabotolo ka mafuta odzola m'thumba la jekete. "Mwanayo wati kudzoza. Chodzozedwa chimafuna mafuta odzola. Amuna timazidziwa izi."

"Iyayi aTembo," anatero Amake Feli. "Wati sefa. Sefa ndi chiwiya cha kukhitchini. Munaonapo chiwiya cha kukhitchini chikudzola mafuta a kumaso?"

"Nanga munaonapo sefa ya ufa ikumwa saladi?"

"Nanga inu mukuona chiyani, poti maso ndiwo mukukapimitsa?"

Anakangana, anakangana, mpaka onse anatembenukira kwa ine, poti motoka ndi ya mwana wanga. Ine ndinaganiza chonchi: chinthuchi chimalowetsa mpweya m'mimba mwa injini. Cholowa m'mimba sichingakhale chodzola. Ndinatsegula saladi wa Esinati. Ndipo ine pothira mafuta sindiumira, afunseni amene anadyapo ndiwo zanga. Ndinathira m'makwinya onse, ndinatembenuza, ndinathiranso, mpaka theka la botolo. Kunja ndinapukuta bwinobwino ndi nsonga ya chitenje kuti isadonthe.

Gibisoni anabwera dzuwa litapendeka, manja lende, nkhope yagwa. "Pa Chadiza ponse sakuwadziwa n'komwe mafuta amenewa." Kenako anaona sefa ili pa boneti, ikuwala ngati mkwatibwi.

"Mwachapa?"

"Tachapa, tayanika, tadzoza."

"Mafuta mwawapeza? Anali momwemo?"

"Anali momwemo, mwanangu." Poti analidi momwemo, m'dengu.

Anandigwira manja onse awiri. "Amayi, inu ndinu makanika." Anaimanga msangamsanga, analiza injini, fooo uja anabwerera, ngakhale anali ndi kachimfine pang'ono. Tinakwera, ine nyimbo pakamwa.

Sitinapite patali, ndinamva fungo. Fungo labwino, la pamsika m'mawa. Kumbuyo aTembo anagogoda pa galasi. "Imani tigule zitumbuwa!" Gibisoni anayang'ana uku ndi uku, tchire lokhalokha, wogulitsa palibe. Tinadutsa pa mudzi wina, agalu awiri anatitsatira, ndipo sanavutike kutipeza chifukwa motoka inali itayambanso kukwawa. Patsogolo pa Gibisoni panayaka kagetsi kachikasu. Akaponda, motoka ikuganiza kaye. Akapondanso, ikuti ndamva, koma sindifuna.

"Amayi," anatero mwakachetechete, "kabotolo kaja kanali kotani?"

"Kabotolo? Linali botolo lalikulu, Gibi, losatsegula. Sindingakuthirire mafuta okazingira kale."

Anandiyang'ana. Anayang'ana dengu. Mwana ameneyu ndinamulera bwino, sanatukwane. Anangogwira chiwongolero ngati akuchikama, kuchokera pamenepo mpaka ku Katete. Ine ndimangodabwa kuti chalakwika n'chiyani. Anati mafuta, ndinathira mafuta.

Tinalowa m'Katete dzuwa likufiira, ngolo ya ng'ombe ili pambuyo pathu ikutipempha njira. Amake Feli anatsitsa nyemba zawo, aTembo anapita kwa mphwawo, ife tinakankhira motoka pa galaja ina kuseri kwa msika. Makanika wake, bambo wonenepa wovala ovolosi yong'ambika pamimba, anatsegula boneti, ananunkhiza, anabwerera m'mbuyo.

"Bosi, apa mwenze kuphika vitumbuwa olo bwanji?"

Anamasula sefa ija. Mayo ine! Yonse inali phala, fumbi ndi saladi zitagwirana ngati dothi lomatira nkhokwe. Analowetsa chala m'chipaipi, chinatuluka chonona.

"Ni ndani anachita ivi?"

"Ndine, bambo," ndinatero. "Ndipo sindinaumire."

Anaseka mpaka anakhala pa tayala. "Mami, mafuta yake ni yapadera, yopyapyala, munthu amangowaza pang'ono chabe. Manje onani aka." Anatulutsa kanthu kakang'ono kokhala ndi kawaya kowonda ngati tsitsi. "Aka ni ka sensa. Ndiye kamauza injini kuti mphepo yalowa yambiri bwanji. Manje kasamba saladi, kakunama, injini yasokonezeka."

Apa ndiye mutu unandizungulira. Poyamba motoka ili ndi mphuno, kenako ili ndi pakhosi, tsopano ili ndi kazitape m'kati wonena mabodza.

Makanika anatembenukira kwa Gibisoni. "Koma naimwe bosi, musanamizire mami. Iyi fyuluta yoonekera ni ya pa tara, ya anyamata a mu tauni ofuna chongo, phokoso chabe. Ku Vubwi na dasiti ija? Olo sembe sanaike saladi, sembe inatsekeka futi. Ndipo apa pamene mwaimanga ikoka mphepo yotentha ya mu injini. Pawa yamene munamvera ni ya m'makutu chabe. Bwezanimo bokosi ya orijino na fyuluta ya pepala. Ili kuti bokosi?"

Gibisoni anayang'ana ine. Makanika naye anayang'ana ine.

"Muli nkhuku yanga," ndinatero. "Ikufungatira. Unaitaya kuseri kwa nyumba, Gibi, ine ndinaona kuti ndi yabwino, ili ndi chivundikiro chake, ili ndi khomo lozungulira. Ndipo ngakhale tikanakhala pafupi, nkhuku yofungatira sisunthidwa."

Makanika anapukuta misozi. Anati ka sensa akatsuka ndi mankhwala opopera, koma bokosi akafunafuna m'mawa kwa anzake ophwasula motoka zakufa. Anawonjeza kuti ngati Gibisoni akufunadi kuti injini izipuma bwino m'fumbi, adzaike chitamba, chipaipi chokwera m'mbali mwa windo mpaka pa denga, chizikoka mpweya wa kumwamba. Ndinaona maso a Gibisoni akuwala.

"Gibi," ndinati, "ukaika chitamba, ine ndidzayenda wapansi. Mawa udzafuna minyanga."

Tinagona kwa msuweni wa Amake Feli. Kutacha, Loweruka lenilenilo, ndinali pa galaja dengu lili pamutu. Makanika sanafike. Atafika, bokosi palibe. Anapita, anabwera ndi bokosi, silikulowa, ndi la motoka ya mtundu wina. Gibisoni akungoti, "Pang'ono pokha, amayi." Dzuwa likukwera, ine ndikuona khomo la chikuta likutseguka, wonyamula mwana si ine.

"Gibi, tsala ndi mphuno zako. Ine ndapita."

Pa siteshoni ya maminibasi anyamata oitanira anandilanda dengu ndisanatsegule pakamwa. Uyu akukoka, uyu akukoka. Ndinakuwa kuti Sinda! Wina anati, "Kwerani mami, yaendeka manje manje!" Ndinatsatira dengu langa, poti kumene lapita ndi kumene ndipite. Minibasi inanyamukadi nthawi yomweyo, ndinati Mulungu wandikumbukira. Ndinayamba nyimbo, anthu n'kumandiyang'ana.

Koma dzuwa linali m'maso. Ndinaphimba ndi dzanja, ndinaimbabe, kenako nyimbo inaima yokha. Popita ku Sinda m'mawa dzuwa limakhala kumsana. Ndinagwira mayi wa pambali panga. "Amayi, iyi ikupita kuti?"

"Ku Chipata."

"Mayooo! Imani! Imani, ana inu, mwandiba!"

Kondakitala anati iye anamva Chipata. Sinda ndi Chipata zikufanana pati? Anthu anandithandiza kukalipa, ananditsitsa, anandibwezera ndalama yanga. Ndinaoloka msewu, ndinaima padzuwa, dengu pamutu, misozi ili pafupi. Inabwera minibasi ina, ndinafunsa katatu, Sinda? Sinda? Sinda ya ku Sinda? Anati ee. Inanditenga, inandibweza pa siteshoni ya Katete pomwe paja, inazimitsa injini.

"Tidikira idzale, ambuya."

M'katimo munali anthu, ndinati sitichedwa. Koma akakwera munthu mmodzi, wina amene anakhala kale amatsika n'kukaima panja. Akakwera wina, winanso watsika. Kodi anthu awa akupita kapena akubwera? Mtsikana wina anandinong'oneza kuti amenewo si apaulendo, amangokhalamo kuti minibasi ioneke yodzaza. Ndinati kodi dziko lino chilichonse chikunama, ka sensa kakunama, apaulendo akunama? Dalaivala akaliza injini, vuu, vuu, mtima wanga m'mwamba, kenako wazimitsa, wapita kukagula chinangwa chootcha. Kuchokera pa windo ndimaona denga la galaja ija. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanapita kukamufunsa Gibisoni ngati motoka yake yayamba kupuma, koma ndinaopa kuti ndikatsika andiyesa wonamizira.

Tinanyamuka dzuwa lili pamutu. Njira ya tara sindinaione, ndinangotseka maso. Sindinaimbe. Ndimangokonza mawu okawauza Amake Yosefe, mawu aulemu koma obaya, akuti zikomo asebele, mwatcha bwino, ife a kutali tilibe kanthu.

Pa Sinda ndinakwera njinga yamoto mpaka ku mudzi. Ndinatsika, chitenje chonona saladi, fumbi la dzulo likadali m'makutu. Pabwalo anthu ali mbwee pansi pa mtengo, mkulu wa mpingo akudzipepesera mphepo ndi chipewa, miphika ili pamoto yovundikira, ana akulira njala. Ndinati basi, zatha, akudikira chakudya chokha.

Koma khomo la nyumba ya Esinati linali lotseka. Ndipo pakhomopo, pa mpando, miyendo atatambasula kutsekereza njira yonse, panali Amake Yosefe.

Anaimirira, kutalika kuja. Anandiloza ndi chala chija.

"Muli tyani, asebele? Mwayenda ndi kamba?"

Mawu anga obaya aja ndinawafuna, sindinawapeze. "Mwana... mwamutulutsa?"

"Atuluke ndi yani? Kuyambira m'mawa anthu awa akundivuta. Akulu a mpingo akuti ali ndi maliro kwina, Yosefe akuti amama tulutsani ndinu, tidye. Ndawauza kuti ine anga ndinatulutsa, ndinatcha, anandikwana. Uyu mwini wake ali pa njira. Wofuna kulowa adutse pa ine." Anandinunkhiza. "Nanga mumagulitsa zitumbuwa m'njira? Sambani m'manja, lowani, anthu afa ndi njala."

Ndinasamba. Ndinalowa. M'katimo mdima pang'ono, Esinati ali pa mphasa, akuseka ndi kulira pamodzi. "Ambuya, ndimadziwa." Anandipatsa kamwana. Kopepuka, kofunda, tsitsi lodzaza mutu, chibwano chokhala ndi kadzenje pakati. Kadzenje kameneko ndinakadziwa. Ndinakakulunga m'chitenje chatsopano, ndinatuluka nako padzuwa, kanatsinzina, azimayi nthungululu lululu!

Kenako maso onse pa ine. Onse akudikira dzina.

Ine amene ndinaimba kuchoka ku Vubwi, ine amene ndinakuwa m'minibasi mpaka dalaivala kuponda mabuleki, mawu anandithawa. Ndinawerama, ndinaliika m'khutu mwa kamwanako, monong'ona, kuti alimve yekha kaye.

Amake Yosefe anandigwira paphewa, dzanja lolemera. "Asebele, ife sitinamve. Takhala ndi njala tsiku lonse chifukwa cha dzina limeneli. Litulutseni lonse."

Ndinakoka mpweya, ndinakweza mwana m'mwamba.

"Agnesi! Uyu ndi Agnesi!"

Ndipo Amake Yosefe, ndi mawu awo a belu aja, analitenga n'kuliponya mpaka kuseri kwa mudzi: "Mwamva? Agnesi wabwera! Pakulani!"